Mafunso Anu a Makompyuta: Laputopu ya Graphics Ziwiri M'chigwa cha Shire

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo akuzungulira nkhani imodzi: malaputopu okhala ndi graphics ziwiri (zipangizo zojambula zithunzi zooneka pa sikirini, zotchedwanso GPU), yaing'ono ya Intel kapena AMD, ndi yaikulu ya NVIDIA kapena Radeon. Mafunso tawafupikitsa.

Akonzi, ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe. Ndinagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, yokhala ndi chomata cha NVIDIA, koma ndikamakonza kanema mu Premiere Pro zithunzi zimadumphadumpha. Mu Task Manager GPU 0 imatakataka pamene GPU 1 ili pa 0%. Kodi anandipusitsa? Wojambula, Nchalo

Bambo, mwina sanakupusitseni. Poti mukuona GPU 0 ndi GPU 1, ndiye kuti zonse zilimo ndipo Windows ikuzidziwa. Kawirikawiri GPU 0 ndi yaing'ono ija, imene ili mkati mwa processor. Ilibe memory yakeyake, imabwereka ku RAM. GPU 1 ndi chip yapadera yokhala ndi memory yake, yamphamvu, koma yodya magetsi ndi yotentha. Dongosolo la NVIDIA losinthanitsa ziwirizi limatchedwa Optimus, ndipo linayamba mu 2010. Yaikuluyo imagona mpaka pulogalamu ina itaidzutsa. Ikadzuka imajambula chithunzi n'kuchipereka kwa yaing'ono, ndipo yaing'onoyo ndiyo imachiika pa sikirini. Choncho GPU 0 kutakataka si chizindikiro cha vuto. Chodetsa nkhawa ndi GPU 1 kukhala pa 0% ntchito yolemera ili mkati.

Chitani izi. Lowetsani tchaja kaye, ndipo mutseke Premiere Pro. Tsegulani Settings, mupite ku System, kenako Display. Pa Windows 10 tsikirani pansi mudine Graphics settings, pa Windows 11 pangolembedwa Graphics. Sankhani Desktop app, mudine Browse, mupeze fayilo ya pulogalamuyo imene dzina lake limathera ndi .exe. Ikaoneka pa mndandanda, idineni, mupite ku Options. Mupeza zosankha zitatu: Let Windows decide, Power saving ndi High performance. Sankhani High performance, muone kuti pansi pake palembedwa dzina la NVIDIA, mudine Save, n'kutsegulanso pulogalamu. Mukasintha pulogalamu ili chitsegukire, sizigwira.

Anthu ambiri amathamangira ku NVIDIA Control Panel, pa Manage 3D settings, chifukwa ndi mmene zinkachitikira kale. Koma kuyambira pa Windows 10 ya May 2020, pa nkhani yosankha graphics yoti pulogalamu igwiritse, zimene mwasankha mu Settings ya Windows ndizo zimalamula. Mutha kusintha kwa NVIDIA tsiku lonse osaona kanthu.

Msampha wina ndi fayilo ya .exe. Mapulogalamu ena ali ndi ziwiri: imodzi yongotsegulira, ina yogwira ntchito yeniyeni. Mukasankha yotsegulira, mwataya nthawi. Njira yosaphonya ndi iyi: pulogalamu ikutseguka, pitani ku Task Manager, pa Details, mudine dzina lake ndi batani lakumanja la mouse, musankhe Open file location. Foda imene itseguke ndiyo yoyenera. Pulogalamu ikalandira version yatsopano n'kusamukira ku foda ina, muyenera kuilembetsanso.

Kuti mutsimikize, bwererani ku Task Manager, pa Processes. Dinani ndi batani lakumanja pamutu pa mizere, muyatse GPU engine. Pambali pa Premiere Pro pazioneka GPU 1. Mkati mwa Premiere momwemo, pa File, Project Settings, General, onani kuti Renderer ili pa GPU Acceleration imene ili ndi mawu akuti CUDA, osati Software Only.

Simunatiuze mtundu wa NVIDIA yanu, ndipo apa pali kanthu. Zing'onozing'ono monga MX150 ndi MX250 zilibe NVENC, kachigawo kamene kamapanikiza kanema kukhala fayilo ya H.264. Pa laputopu yotere, nthawi ya Export ntchitoyo imagwiridwa ndi Quick Sync ya Intel, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Ngati ndi choncho, ndipo RAM yanu ndi 4GB kapena 8GB ya kachidutswa kamodzi, kuwonjezera kachiwiri kofanana nako kudzakuthandizani kuposa zonse tatchulazi, chifukwa graphics yaing'ono imathamanga bwino RAM ikakhala iwiri yoyendera limodzi.

Mnzanga anazimitsa Intel mu Device Manager, akuti mphamvu zonse zipite ku NVIDIA. Tsopano zilembo zakula, kuwala kwa sikirini sikutheka kuchepetsa, ndipo magemu ayamba kuchedwa kuposa kale. Wophunzira, Ngabu

Achimwene, mnzanuyo wadula njira imene chithunzi chimadzera. Pa malaputopu ambiri waya wa sikirini umapita ku Intel, osati ku NVIDIA. Intel ikazimitsidwa, Windows imagwiritsa driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) yongodikirira, ndipo processor imayamba kujambula yokha zithunzi. N'chifukwa chake zonse zaipa.

Dinani batani la Start ndi batani lakumanja, musankhe Device Manager, mutsegule Display adapters. Pa Intel mupeza kamuvi koloza pansi. Dinani pamenepo ndi batani lakumanja, Enable device, kenako muyatsenso laputopu. Sikirini ikada pakati pa ntchitoyi, dinani pamodzi Windows, Ctrl, Shift ndi B. Mumva kakulira kamodzi ndipo graphics idzukanso.

Malaputopu amene angathedi kuyendera yaikulu yokha ali ndi kachipangizo kotchedwa MUX, ndipo kusinthako kumachitikira mu BIOS (zosankha za makina zimene mumalowamo poyatsa, Windows isanayambe) kapena mu pulogalamu ya kampani. Pa ASUS ya magemu ndi Armoury Crate, pamene Ultimate ndi yaikulu yokha ndipo Eco ndi yaing'ono yokha. Pa Lenovo Legion ndi Hybrid Mode mu Lenovo Vantage. Ngati yanu ilibe zimenezi, Device Manager sangazilowe m'malo.

Akonzi, ndimagwira ntchito yoyeza minda ya ulimi wamthirira, ndipo ndimagwiritsa AutoCAD ndi QGIS. M'mawa laputopu imayenda bwino. Ikamakwana 1 koloko fani imalira ngati chigayo, zonse zimachedwa, nthawi zina imazima yokha. Ndinaika zonse pa High performance kuti izithamanga. Woyeza malo, Nsanje

Mayi, chimene munachita kuti izithamanga ndicho chikuichedwetsa. Makampani ambiri amalemba kuti laputopu igwire ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Kwanuko mu Okutobala ndi Novembala kunja kumadutsa 40, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i ndiye kumaposerapo. Fani siziziritsa, imangokankha mpweya umene waupeza. Mpweyawo ukakhala wotentha kale, chip imafika msanga pa malire ake. Graphics ya NVIDIA ya pa laputopu imayamba kudzichepetsa liwiro ikafika cha m'ma 87, processor ya Intel ikayandikira 100. Zikalephera kudziziziritsa motero, laputopu imadzizimitsa kuti isapse. Komanso pa malaputopu ambiri ma chip awiriwa amagawana kapaipi kamodzi ka kopa kotulutsira kutentha, moti yaikulu ikangodzuka, processor nayo imatenthedwa.

Munthu samanga ng'ombe pa ngolo kuti akagule mchere pa golosale. Chrome, Word, Excel, WhatsApp, VLC ndi pulogalamu yowerengera PDF, zonsezi ziikeni pa Power saving. QGIS nayo, pojambula mapu wamba imadalira kwambiri processor, RAM ndi liwiro la disiki, choncho kuipatsa graphics yaikulu n'kungotenthetsa makina. High performance isiyireni AutoCAD yokha, makamaka mukamazunguza zojambula za 3D.

Kenako tsegulani NVIDIA Control Panel, pa Manage 3D settings, Global Settings. Preferred graphics processor ikhale pa Auto-select. Power management mode ikapezeka pa Prefer maximum performance, ibwezeni ku Normal kapena Optimal power, malinga ndi driver yanu. Prefer maximum performance imaumiriza chip kukhala pa liwiro lalikulu ngakhale ntchito itachepa. Pamwamba pa windo lomwelo pali Desktop. Yatsani Display GPU Activity Icon in Notification Area. Pafupi ndi wotchi padzabwera kachizindikiro kosonyeza mapulogalamu amene akudzutsa yaikulu. Mudzadabwa kupezamo zinthu zimene simunazitsegule n'komwe.

Chinanso chothandiza pa malaputopu ambiri a Intel: Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, Processor power management, Maximum processor state. Sinthani 100% ikhale 99%. Kachigawo kamodziko kamaletsa Turbo Boost, njira imene processor imadzionjezera liwiro. Liwiro limatsika pang'ono, koma kutentha kumatsika moonekeratu, ndipo makina oyenda mofatsa tsiku lonse amamaliza ntchito kuposa othamanga mphindi 10 n'kuzima.

Zonsezi sizingathandize ngati mpweya sukudutsa. Fumbi la chilimwe, ulusi wa thonje, ndiponso phulusa la nzimbe kwa amene ali kufupi ndi minda, zimaunjikana pakati pa fani ndi timizere tachitsulo totulukira mpweya, n'kupanga kachiguduli. Kupemerera kunja sikukachotsa. Zimitsani laputopu, chotsani tchaja, tsegulani chivundikiro chapansi, mumasule waya wa batire musanakhudze china chilichonse. Masulani fani, muchotse kachiguduliko ndi kaburashi kofewa. Mukamagwiritsa mpweya wopopa, gwirani mapiko a fani ndi chala asazungulire mopyola. Kuchigwa timalangiza kuchita zimenezi kawiri pachaka, kamodzi kakhale Okutobala asanafike. Ngati laputopu yatha zaka 3 kapena kuposerapo isanasinthidwe thermal paste, kaphala kodutsitsa kutentha kuchoka pa chip kupita ku kapaipi ka kopa, isinthidwe pa ma chip onse awiri. Pukutani yakale ndi isopropyl alcohol, muike kadontho konga njere ya mpunga, ndipo zomangira muzimange motsatira manambala olembedwa pambali pake. Timapadi tofewa tokhala pa memory ya graphics musatitaye. Mankhwala otsukira mano si thermal paste, ngakhale wina atakuuzani kuti anayesapo.

Kwezani kumbuyo kwa laputopu masentimita 2 kapena 3, iikeni pa tebulo osati pa matiresi, ndipo fani ya m'nyumba iziomba cham'mbali. Musaiike mu fuliji kapena kuifunditsa nsalu yonyowa, chifukwa chinyezi chimadzikundika pa bolodi. Ntchito zolemetsa kwambiri zisungireni m'mamawa kapena usiku.

Kuno tilibe magetsi a waya. Ndili ndi sola, batire la 12V 100Ah ndi inverter. Anyamata amasewera mpira pa laputopu yanga polipira. Batire likutha msanga, ndipo ndikachotsa tchaja gemu imayamba kukokakoka. Tchaja yake yoyamba inapsa, ndinagula ina ya pamsika. Wamalonda, Makhanga

Bambo, tiyeni tiwerengere limodzi. 12V kuchulukitsa ndi 100Ah ndi 1200Wh. Batire la asidi siliyenera kutsika kupyola theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye mwatsala ndi 600Wh. Inverter nayo imadyapo zake, tinene kuti mwatsala ndi 500Wh. Laputopu yoyendera graphics yaing'ono, yodya 20W, itha kuyenda maola 25. Laputopu ya magemu yodya 120W imaliza zonsezo m'maola 4. Batire lanu mwina lilibe vuto lililonse.

Chochepetsa kudya kwake ndi kumanga liwiro la gemu. Mu NVIDIA Control Panel, Manage 3D settings, Program Settings, sankhani gemuyo, mupeze Max Frame Rate, muike 60. Sikirini ya 60Hz singaonetse zithunzi zoposa 60 pa sekondi, koma mukapanda kuimanga graphics imajambula 120 kapena kuposa, n'kumawotcha magetsi pa zithunzi zimene palibe akuziona. Tsitsaninso resolution ya gemu kuchoka pa 1080p kufika pa 720p. Anyamata akachoka, tsekani gemu ndi pulogalamu yake yotsegulira, kuti yaikulu igone.

Kukokakoka mukachotsa tchaja si kuwonongeka. Batire la mkati silingapereke mphamvu zonse zimene ma chip awiri akufuna, choncho laputopu imadzichepetsa dala, ndipo Battery Boost ya NVIDIA nthawi zambiri imamanga gemu pa zithunzi 30 pa sekondi. Musalimbane nazo. Kusewera magemu pa batire la mkati m'malo otentha ndi njira yachangu yolitupitsira.

Za tchaja: tembenuzani laputopu muwerenge ma volt ndi ma amp olembedwa pansi pake, muwachulukitse. 19.5V ndi 6.7A ndi pafupifupi 130W. Mukaipatsa tchaja ya 65W, iyaka ndithu, koma gemu ikayamba batire lizitsika tchaja ili pomwepo, kapena graphics izikana kuthamanga. Malaputopu ambiri a Dell ndi HP ali ndi kasingano pakati pa mutu wa tchaja kamene kamauza makina kukula kwa tchajayo. Kakathyoka, kapena tchaja ikakhala yabodza, makina amadzichedwetsa, ndipo Dell imakananso kutchaja batire. Inverter ikhale ya pure sine wave ngati thumba lilola. Ya modified sine wave imatenthetsa matchaja ambiri ndi kuwaliritsa, ndipo n'kutheka kuti ndiyo inapha yoyamba ija.

Kumpingo kwathu timaulutsa mapemphero pa Facebook pogwiritsa OBS Studio. Tikafuna kuonetsa mawu a nyimbo kudzera mu Display Capture, pamangoda bii. Mlembi wa mpingo, Chikwawa

Abambo, OBS ikuyendera graphics yaikulu pamene sikirini imene ikufuna kujambula ili m'manja mwa yaing'ono. Dinani kawiri pa Display Capture, pa Capture Method musankhe njira imene ili ndi mawu akuti Windows 10 ndi 1903. Njira imeneyi imatha kujambula ngakhale ma chip atasiyana. Ngati OBS yanu ndi yakale ndipo ilibe chosankhachi, lembetsani obs64.exe mu Graphics settings monga tafotokozera poyamba, muiike pa Power saving. Fayiloyo ili mu Program Files, obs-studio, bin, 64bit. Pa Settings, Output, encoder, chopanikiza kanema, ikhale QuickSync kapena NVENC, osati x264, chifukwa x264 imasenzetsa processor katundu yense ndipo tchalitchi masana chimatentha. Pa netiweki ya foni, 720p pa 2500 kbps ndi pabwino kuyambira.

Mukalumikiza projector, dziwani kuti pa malaputopu ambiri a magemu doko la HDMI linalumikizidwa ku yaikulu. Nthawi yonse imene waya uli m'menemo, yaikulu sigona, zivute zitani. Konzekerani tchaja.

Katswiri wina anandiikira Windows yatsopano. Tsopano pa Display adapters, NVIDIA ili ndi kachizindikiro kachikasu, ndipo mkati mwalembedwa Code 43. Mphunzitsi, Bangula

Aphunzitsi, Code 43 imatanthauza kuti Windows yaimitsa chipangizocho chifukwa chanena kuti chili ndi vuto. Vutolo litha kukhala la driver kapena la chip yeniyeniyo, ndipo tiyambe ndi lotchipa.

Pitani pamene netiweki ili bwino mukoperetu zinthu zitatu: driver ya Intel ndi ya NVIDIA kuchokera pa tsamba la kampani imene inapanga laputopu yanu, mogwirizana ndi nambala ya model, komanso pulogalamu yaulere ya Display Driver Uninstaller. Gulani bandulo yokwanira, chifukwa driver ya NVIDIA yokha imaposa 500MB. Mukamaliza zimitsani intaneti, apo ayi Windows Update ilowetsa driver yake inu muli pakati pa ntchito. Gwirani Shift, mudine Restart, kenako Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, n'kudina 4 kuti mulowe mu Safe Mode. M'menemo chotsani ma driver a NVIDIA ndi a Intel ndi pulogalamu ija. Laputopu ikayakanso, ikani ya Intel poyamba, muyatsenso, kenako ya NVIDIA. Mukatembenuza ndondomekoyi, ya NVIDIA nthawi zina imakana kulowa, kapena imalowa koma kusinthana osachitika.

Amene muli ndi malaputopu akale a Intel ndi Radeon, a cha m'ma 2011 mpaka 2013, samalani kwambiri. Ambiri a iwo amafuna driver imodzi yophatikiza ma chip onse awiri, yochokera kwa wopanga laputopu. Ya pa tsamba la AMD itha kukusiyani ndi sikirini yakuda. Pa makina otere zosankha zili mu Power Options, pa Switchable Dynamic Graphics, ndipo kuchigwa kuno Optimize power savings ndi yabwino pa batire, Optimize performance pa tchaja.

Code 43 ikabweranso ma driver ali atsopano, makamaka ngati kale munkaona timizere kapena timabokosi tamitundumitundu pa sikirini, chip yafa kapena yalekana ndi bolodi chifukwa cha kutentha. Apa ndiye pamene kuzimitsa kuli koyenera, koma muzimitse yaikulu. Lowani mu BIOS poyatsa: F10 pa HP, F2 pa Dell, Acer ndi ASUS, F1 pa ThinkPad. Mukapeza pamene palembedwa Graphics, sankhani UMA kapena Integrated. Ngati palibe, dinani Disable device pa NVIDIA mu Device Manager. Laputopu ipitiriza kulemba mayeso, kuonetsa kanema ndi kutsegula intaneti bwinobwino. Wina akakuuzani kuti awotche chip ndi heat gun, dziwani kuti nthawi zambiri imadzuka masabata ochepa n'kufanso, ndipo ndalama yanu yapita.

Wogulitsa wina ku Limbe akuti laputopu yake ili ndi graphics ya 8GB. Ndidziwa bwanji kuti akunena zoona ndisanakwere basi yobwerera? Mlimi wa thonje, Ngabu

Bambo, mupempheni aiyatse. Tsegulani Task Manager, pa Performance, mudine GPU iliyonse. Pansi pali Dedicated GPU memory ndi Shared GPU memory. Yoyambayo ndiyo memory yeniyeni ya graphics. Yachiwiriyo ndi RAM imene Windows imalola kubwereketsa, ndipo imafika theka la RAM yonse, moti laputopu ya 16GB imaonetsa pafupifupi 8GB ngakhale ilibe graphics yaikulu n'komwe. Imeneyo ndiyo ogulitsa ena amaitchula. GTX 1650 ili ndi 4GB, MX150 kawirikawiri 2GB. Ngati pa mndandanda pali GPU 0 yokha, funsani chifukwa chake chomata chikunena zina. Onaninso mu Device Manager kuti palibe kachizindikiro kachikasu, muwerenge ma watt a tchaja imene akukupatsani, ndipo tchaja ili m'malo muyendetse gemu kapena kanema wolemera kwa mphindi 15, mukuyang'ana kutentha kwa GPU 1 mu Task Manager. Ikafika m'ma 80 mu shopu ya ku Limbe, dziwani kuti ku Ngabu idzafunika kutsukidwa ndi kuikidwa thermal paste yatsopano musanaigwiritse ntchito, ndipo mtengo wa zimenezo uchotsedwe pa mtengo wa laputopu.